Phala la M'mawa: Zimene Munda Wathu Ungaike M'poto

Nkhani imene mlangizi anakamba pa tsiku lophunzira kuphika, pa sukulu ya alimi ya m'munda ku Lirangwe

Lero makasu tawasiya kunyumba, tabwera ndi mapoto ndi mithiko. Ndaona abambo ena atangoona mafuwa ayamba kusunthira kuseri kwa mtengo. Bwererani kuno, abambo. Nkhaniyi ndi yanunso, chifukwa thumba la soya likamapita kwa venda limakwera njinga yanu.

Ndiyambe ndi funso limene mayi wina wa m'gulu lathu lino anandifunsa sabata yatha. Mwana wawo wa m'tauni anawabweretsera paketi ya oats, ndiye amafuna kudziwa kaphikidwe kake, komanso ngati angasungeko pang'ono kuti adzadzale mvula ikagwa. Kuphika kwake nkosavuta: kapu imodzi ya oats, makapu awiri a madzi kapena mkaka, kamchere pang'ono, nkumatakasa pamoto kwa mphindi 5. Ndi chakudya chabwino ndithu. Koma zodzala iwalani, mayi. Zimene zili m'paketimo anazitenthetsa kale ndi kuziphwanya, sizingamere. Komanso oats ndi mbewu yofanana ndi tirigu, yokonda malo ozizira monga ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, kumene kunachokera dzina la mzinda wathu wa Blantyre. Dzuwa la kuno ku Lirangwe mukulidziwa nokha.

Tsono tamvani izi. Bungwe la Mary's Meals, limene limaphikitsa phala m'sukulu zambiri za m'boma lino, linayambitsidwa ndi Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland komweko. Linayamba kudyetsa ana kuno ku Malawi mu 2002 ndi ana 200, ndipo lero likudyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno. Phala limene anawo amamwa si la oats ayi. Ndi Likuni Phala, la chimanga ndi soya, mbewu zimene ife timalima. Dzina lake linachokera ku Likuni, ku Lilongwe, kumene a chipatala cha mishoni ankalipereka kwa ana onyentchera. Choncho phala labwino sitilifuna kutali. Lili m'nkhokwe mwathu, bola tidziwe kusakaniza.

Chifukwa chiyani tikukamba za phala pa sukulu ya ulimi?

M'munda wathu wophunzirira munaona mizere imene tinachedwa kuthira feteleza wokulitsa. Wobereketsa tinathira bwinobwino, koma chimanga chija sichinapezenso chinzake. Chinapinimbira mpaka kukolola. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwananso ndi chimodzimodzi. Masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndiyo nthawi ya feteleza wokulitsa wa munthu. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa ana 100 osafika zaka zisanu m'Malawi muno, 37 ndi opinimbira. Mwana wopinimbira samangofupika msinkhu. Amadwaladwala, ndipo kusukulu amavutika kugwira zimene aphunzitsi akunena.

Taganizirani m'mawa wa pakhomo pathu nthawi ya dzinja. Tambala akangolira kachiwiri, makolo anyamula makasu. Ana atsala ndi mkute wa dzulo ngati ulipo, kapena tiyi wopanda mkaka, kapena osalawa kanthu mpaka dzuwa lifike paliwombo. Ena timati, akamwa phala kusukulu. Nanga Loweruka ndi Lamulungu? Nanga pa holide? Nanga wa chaka chimodzi uja, amene sanayambe sukulu? Mayi woyembekezera, woyamwitsa, agogo, ndi inu abambo amene mukukapanga mizere m'nthaka youma, nonse mufunika mfisulo. Thumba lopanda kanthu siliima.

Inenso ndinalakwitsapo. Mwana wanga woyamba atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi ndinkamuphikira phala la ufa woyera, lamadzimadzi, loti nkumwera m'kapu. Ndinkaopa kuti lolimba limutsamwa. Ankamwa mpaka kamimba kutuluka, ine nkumati mwana wanga amadya. Koma kusikelo mzere wa pakhadi unangogona miyezi itatu osakwera. Mlangizi wa zaumoyo atandifunsa zimene ndimaika m'phala, ndinachita manyazi, poti ine ndemwe ndinali wophunzitsa anthu kulima soya. Mwana ankakhuta madzi. Sindifuna kuti wina wa inu adutse m'njira imeneyo.

Tiyambe ndi ufa

Zakudya timazigawa m'magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Phala la ufa, madzi ndi mchere lili ndi gulu limodzi lokha. Cholinga chathu nchakuti mbale ya phala izikhala ndi magulu atatu kapena anayi.

Ufa woyera timaukonda pa nsima, ndipo sindikuletsani. Koma kumbukirani zimene timachita kuti uyere. Timakonola, nkutaya madeya pamodzi ndi kamtima ka njere, komwe kuli mafuta. Kenako timaviika mphale masiku angapo, zina zotsala nkupita ndi madzi. Nkhuku ndi nkhumba zimene zimadya madeya zimanenepa, mwana wodya ufa woyera nkumaonda. Pa phala, tigwiritse ntchito mgaiwa. Amene muli ndi mapira kapena mawere, sakanizani theka ndi theka ndi chimanga, kapena phikani paokha. Mbewu zimenezi zimapirira ng'amba ya kuno kuposa chimanga, monga tinaonera mu 2024 pamene mvula inadula pakati pa dzinja, ndipo mawere ali ndi mchere wolimbitsa mafupa wochuluka.

Chimanga chimapereka mphamvu, koma zomanga thupi zake nzochepa ndiponso nzosakwanira. Zimene chimanga chikusowa, soya ali nazo. Muyeso wake ndi uwu: magawo anayi a chimanga, gawo limodzi la soya. Mbale zinayi za chimanga, mbale imodzi ya soya. Ngati mukuyesera chigoba, zigoba zinayi ndi chimodzi. Chofunika nchakuti choyesera chikhale chimodzi chomwecho.

Soya wosaphika musamupititse kuchigayo. Ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya chakudya, zimatupitsa mimba, ndipo fungo lake ana amalikana. Moto ndi umene umapha zimenezi. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kukazinga. Sankhani soya, chotsani miyala ndi njere zoola, kazingani pachiwaya pamoto wochepa kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, mukutakasa osalekeza, mpaka afiirire ndi kununkhira ngati mtedza. Asade, chifukwa wopserera amawawa. Akazizira, mukonoleni pang'ono mumtondo, nkupeta makoko. Njira yachiwiri ndi kuwiritsa. Madzi ayambe awira, kenako muzithira soya pang'onopang'ono kuti kuwira kusaleke, aphike mphindi 30. Musamuviike kaye m'madzi ozizira, ndiko kumene kumabweretsa fungo lija. Mukatsanula, tikitani ndi manja kuti makoko achoke, yanikani pamkeka mpaka aume gwa, ndipo mukatero sakanizani ndi chimanga kupita kuchigayo.

Amene simunalime soya musataye mtima. Kuno nandolo ndi khobwe sizisowa. Kazingani, konolani, petani, nkusakaniza pa muyeso womwewo. Mtedza wokha musaugayitse pamodzi ndi chimanga chambiri, chifukwa mafuta ake amaononga ufa msanga. Nsinjiro muzisinja zokwanira masiku awiri kapena atatu. Ufa wosakaniza ndi soya muzigayitsa wa masabata awiri, osapitirira mwezi, uzizire bwino ukachoka kuchigayo, ndipo usungidwe m'ndowa youma yotsekera.

Chenjerani ndi chuku

Apa ndifuna mumvetsetse. Pali chizolowezi choti mtedza wabwino tigulitse, wonyala ndi wakuda uja tisinje nsinjiro za pakhomo. Chimanga chabwino m'thumba, chofumbwa ndi choola chipite kuchigayo. Tikatero, chiphe tasankhira ana athu. Chuku chimene chimamera pa mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amaononga chiwindi, amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo amathandizira kupinimbira. Kuwiritsa sikumupha, kukazinga sikumuthetsa. Mankhwala ake ndi kupewa basi.

Yanikani zokolola pamkeka kapena pathandala, osati padothi, mpaka ziumitsitse. Musawaze madzi pa mtedza kuti usweke msanga. Mtedza wosunga ukhale m'makoko ake. Matumba asagunde pansi kapena khoma, ikani pa mitengo. Musanasinje, khalani pansi ndi lichero, chotsani njere zonse zonyala, zobooka, zakuda ndi zowawa. Zimenezo musapatse ngakhale mbuzi ya mkaka kapena nkhuku, zikwirireni.

Kaphikidwe

Sambani m'manja ndi sopo, tsukani poto ndi mthiko. Pa kapu imodzi ya ufa, konzani makapu atatu kapena anayi a madzi. Terekani makapu atatu pamoto. Ufa uja usungunuleni kaye m'mbale ndi madzi ozizira pang'ono mpaka usalale. Madzi a pamoto akatentha, thirani ufa wosungunulawo mukutakasa. Mukathira ufa wouma m'madzi owira mudzapeza mibulu, ndipo mwana akakumana ndi m'bulu umodzi amalavula phala lonse.

Takasani mpaka liyambe kubwata. Likatero chepetsani nkhuni, vundikirani, libwate pang'onopang'ono kwa mphindi 15 mpaka 20, mukutakasa mwa apo ndi apo kuti lisapserere pansi. Mgaiwa ndi soya sizipsa msanga ngati ufa woyera. Phala losapsa limamveka ufa pa lilime ndipo limatsegula m'mimba. Nsinjiro thirani phala litabwata mphindi 10, masupuni akuluakulu awiri kapena atatu pa kapu ya ufa, kuti nazonso zipse. Mchere ukhale wa ayodini, wochepa, ndipo uthiridwe kumapeto. Shuga wa m'paketi wa kuno ndi mafuta ophikira a m'botolo amaikamo vitamini A, koma shuga asachuluke. Supuni yaing'ono imodzi pa mbale yakwana. Ngati mulibe nsinjiro kapena soya, supuni yaing'ono ya mafuta ophikira m'mbale ya mwana imaonjezera mphamvu popanda kuonjezera kuchuluka kwa phala.

Phala lapsa bwino tilidziwa bwanji? Tungani ndi supuni, ipendeketseni. Likayenderera ngati madzi, ndi lija ndinkapatsa mwana wanga. Liyenera kukakamira pasupuni ndi kugwa mwaulesi. Kamimba ka mwana wa miyezi isanu ndi itatu nkosaposa kapu ya tiyi. Malo ochepawo tisawadzaze ndi madzi.

Nanga ngati mwana akudwala kapena akulephera kumeza lolimba? Yankho mukulidziwa kale, amayi ophika thobwa. Mukathira chimera m'phala lolimba, limasungunuka lokha popanda kuthira madzi. Chitani chimodzimodzi. Phulani phala, lizizire pang'ono, thirani supuni yaing'ono ya ufa wa chimera choyera bwino, takasani, dikirani mphindi zochepa. Likafewa, libwezereni pamoto liwirenso, kenako mupatse mwana. Lafewa, koma chakudya chonse chili momwemo.

Njira zosinthira phala chaka chonse

Anthu amatopa ndi phala chifukwa timaphika limodzimodzi tsiku lililonse. Tiyeni tiyende ndi nyengo.

Nthawi ya mango, kuyambira Novembala mpaka Januwale, finyani kapena kanyani bango lakupsa, thirani m'mbale phala litaphulidwa. Shuga safunikanso. Papaya ndi nthochi zakupsa zimachita chimodzimodzi, ndipo zimenezi zimapezeka miyezi yambiri. Mapeyala akayamba, kanyani theka m'mbale ya mwana, mafuta mwapeza.

Nthawi ya masika tili ndi maungu ndi mbatata. Phikani, kanyani, sakanizani ndi phala theka ndi theka, muthire nsinjiro. Ufa umapulumuka ndipo phala limatsekemera lokha. Mbatata yofiira mkati ndiyo yoposa, chifukwa ili ndi vitamini A woteteza maso ndi kulimbitsa thupi ku matenda. Mitundu monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu ndi Anaakwanire inadutsa m'manja mwa akatswiri athu a kafukufuku a ku Bvumbwe. Tsiku lina siyani phala, phikani futali wa mbatata yomweyo. Nawonso ndi mfisulo wokwana.

M'chilimwe malambe ndi masau amadzaza misika kuyambira konkuno mpaka ku Zalewa. Ana athu amawagulitsa pamsewu, koma m'phala sitiikamo. Sinjani malambe pang'ono, sefani ufa wake, thirani supuni imodzi phala litachoka pamoto, chifukwa moto umaononga vitamini C. Kawawasidwe kake kamadzutsa mkamwa mwa wodwala, ndipo vitamini ameneyu amathandiza thupi kutenga mchere woonjezera magazi umene uli mu soya ndi masamba. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza mchere umenewu. Choncho mwana wamng'ono musamupatse tiyi, ndipo mayi woyembekezera asamwere tiyi pa phala.

Phala silifunika kukhala lotsekemera nthawi zonse. Usipa, bonya kapena matemba ouma, kazingani pang'ono, sinjani ndi mitu yomwe, sefani bwino kuti minga isatsale, sungani m'botolo. Supuni imodzi m'phala, liwire nayo mphindi 5. Masamba a bonongwe, nkhwani, kholowa kapena chammwamba, yanikani pamthunzi, sinjani, sefani, muziika supuni yaing'ono. Yambani ndi zochepa kuti mwana azolowere. Dzira nalonso, liswereni m'kapu, menyani, thirani m'phala likubwata mukutakasa, lipse mphindi zitatu kapena zisanu. Zoti mwana akadya mazira adzakhala wakuba, kapena kuti mayi woyembekezera akadya mazira adzabereka mwana wopanda tsitsi, nzabodza. Amene muli ndi mbuzi kapena ng'ombe za mkaka, wiritsani mkakawo ndi kuphikira phala m'malo mwa gawo lina la madzi.

Kuchuluka kwake ndi ukhondo

Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi ayamwe bere lokha, osampatsa phala, madzi kapena dawale. Akakwanitsa miyezi 6, yambani ndi masupuni akuluakulu awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu patsiku, nkumaonjezera mpaka theka la kapu. Kuyambira miyezi 9, theka la kapu katatu kapena kanayi patsiku. Akapitirira chaka, azifika kapu yodzaza, pamodzi ndi zakudya zina za pabanja. Kuyamwitsa kupitirire mpaka zaka ziwiri kapena kuposera. Uchi musaike m'phala la mwana wosakwana chaka.

Mwana akhale ndi mbale yakeyake kuti muone zimene wadya. Mumbale ya gulu, wamkulu amatha zonse wamng'ono akuuzira supuni yoyamba. Mudyetseni ndi supuni, moleza mtima, mukucheza naye. Zomugoneka pamiyendo, kumutseka mphuno ndi kumuthira phala ndi chikhatho, tisiye. Phala likhoza kulowa m'mapapo.

Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Mpondagiya akhale ndi madzi ndi sopo. Sambani musanaphike ndiponso musanadyetse mwana, mumusambitsenso iyeyo m'manja. Phala lisakhale maola oposa awiri lisanadyedwe. Ngati mwasiyira ana popita kumunda, livundikireni, ndipo wowayang'anira aliwiritsenso asanawagawire.

Tiwerengere limodzi

Abambo, apa ndi panu. Banja la anthu asanu ndi mmodzi likamaphika magalamu 300 a ufa m'mawa uliwonse, pachaka lifunika makilogalamu pafupifupi 110. Gawo limodzi mwa magawo asanu ndi soya, ndiye kuti makilogalamu 22. Tikaonjezera makoko ndi njere zotaya, tinene 30. Silikwana ndi thumba limodzi lomwe la makilogalamu 50. Koma chaka ndi chaka timagulitsa soya yense mu Epulo ndi Meyi, mtengo uli pansi, nkudzagula ufa wa phala m'sitolo mu Januwale mwana atayamba kutupa mapazi. Sindikuti musagulitse. Fizi ifunika, malata afunika. Ndikuti musanaitane venda, khalani pansi awiri, patulani soya wa phala, mtedza wa nsinjiro ndi mbewu yodzala. Zotsalazo ndizo za msika. Thumba la phala limangidwe ndi chingwe chosiyana, ndipo aliyense m'nyumbamo adziwe kuti limenelo siligulitsidwa.

Ndipo tikamagawa munda chaka chino, funso likhale lakuti, mizere ya phala ili pati? Soya, mtedza ndi nandolo zimasiyanso chonde m'nthaka, monga tikuonera pa kasinthasintha wa mbewu m'munda wathu wophunzirira. Pakhomo pakhale papaya awiri, phata la nthochi pamene pamapita madzi a kubafa, ndi mtengo umodzi wa chammwamba. M'mawa ngati nthawi ikuchepa, mayi akamatakasa phala bambo awaze nkhuni kapena asambitse ana. Mphindi 20 zimenezo sizingagonetse munda.

Ntchito ya lero

Pa sukulu ino sitikhulupirira zongomva, timayesa. Tigawike m'magulu atatu, gulu lililonse likhale ndi abambo ndi amayi. Gulu loyamba liphika phala la ufa woyera monga timachitira masiku onse. Lachiwiri liphika la mgaiwa wosakaniza ndi soya, lotsira nsinjiro. Lachitatu liphika la mgaiwa ndi mbatata yofiira mkati, nkugawa pawiri: theka lithire ufa wa usipa, theka ufa wa malambe. Gulu lililonse lilembe pa pepala lalikulu zimene laika, magulu a zakudya amene alowa, mphindi zimene phala latenga, nkhuni zimene zapita, ndi zimene zagulidwa ndi ndalama. Tikatha tiyesa ndi supuni, tilawa tonse, ndipo ana amene abwera ndi amayi awo ndiwo atiuze zoona, chifukwa mwana sanamizira kukoma.

Popita kunyumba, aliyense asankhe chinthu chimodzi chatsopano choti aziika m'phala sabata ino. Tikakumananso mudzatiuze chimene munaika, amene anadya, amene anakana, ndi chimene chinavuta. Amene muli ndi ana a kusikelo, bwerani ndi makhadi awo, tidzaone mizere ija limodzi lero ndi miyezi itatu ikubwerayi.

A tcheyamani, ine ndalekeza pamenepa. Madzi aja atentha. Abambo a gulu loyamba, mthiko uwo.